Mmene mungapezere ndalama zoyendetsera masewera olimbitsa thupi pa sukulu ya pulayimale

Pa sukulu zambiri za pulayimale m'Malawi muno, nthawi ya masewera olimbitsa thupi imaoneka pa ndandanda wa maphunziro umene uli pakhoma la ofesi, koma pabwalo siioneka. Kuchokera m'chaka cha 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi anadzaza koposa, ndipo pamene silabasi yatsopano inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2007, masewera olimbitsa thupi anaphatikizidwa ndi nyimbo, magule, zisudzo, zojambula ndi zosoka kukhala phunziro limodzi la Expressive Arts. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi ndi mpira umodzi wophwa amaona kuti n'chapafupi kulemba malamulo a mpira pa bolodi kuti ana akopere kusiyana ndi kuwatulutsa kuti akathamange, ndipo ine sindimudzudzula, chifukwa ndinachitapo zomwezo. Komabe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Ena amati ana athu amayenda kale mitunda italiitali ndi kusenza ndowa za madzi, ndipo n'zoona, koma kuwakha mpira, kudikira nthawi yako, kugwirizana ndi anzako ndi kuvomereza kugonja popanda ndewu sizibwera ndi kusenza ndowa.

Malangizo awa ndalembera mphunzitsi amene ali ndi ganizo labwino la mmene ana angasewerere, koma m'thumba la sukulu mulibe kanthu.

Choyamba: konzani ganizolo musanatchule za ndalama

Makalata ambiri opempha thandizo la masewera amanena chinthu chimodzi, chakuti sukulu ikufuna mipira ndi majezi. Amene amalandira makalatawa amawona pempho lotere kambirimbiri, ndipo amadziwa kuti majezi 15 adzavalidwa ndi anyamata 15 a m'Sitandade 7 ndi 8 pamene ana enawo, mwina oposa 1,000, adzakhala m'mbali mwa bwalo kuchemerera. Ganizo limene limakopa mtima wa munthu wosunga ndalama ndi lija lomwe likusonyeza kuti mwana aliyense adzatuluka thukuta, wamkazi ndi wamwamuna, wamphamvu ndi wofooka yemwe.

Nachi chitsanzo chimene ndinaona chikugwira ntchito. Bwalo ligawidwe m'zigawo 6, ndipo kalasi la ana 120 ligawidwe m'magulu 6 a ana 20. Pa chigawo choyamba ana asewere fulaye, awiri akuponya mpira pamene wapakati akuzinda ndi kuthira mchenga m'botolo. Pa chachiwiri pajambulidwe phada, osati mmodzi ayi koma anayi, kuti mzere wodikira usatalike. Pa chachitatu pakhale kulumpha chingwe, pa chachinayi kuthamanga mopatsirana kandodo, pa chachisanu kuponyerana mpira wa manja ndi kugoletsa, ndipo pa chomaliza pakhale ng'oma ndi gule wa m'deralo, kaya ndi chimtali, mganda, beni, malipenga kapena tchopa. Pakatha mphindi 5 mphunzitsi aimbe wenzulo ndipo gulu lililonse lisunthire pa chigawo chotsatira. Mphunzitsi mmodzi sangayang'anire zigawo zonse, choncho asankhe ana awiri pa gulu lililonse ndi kuwaphunzitsa kutsogolera anzawo. Ganizo lotere lili ndi zonse zimene wothandiza amafuna kumva: likugwirizana ndi silabasi, likusunga masewera ndi magule a makolo athu, likufikira kalasi lonse, ndipo mtengo wake ndi wochepa.

Pokonza ganizo lanu, musaiwale ana amene kawirikawiri amasiyidwa pansi pa mtengo kuti azilonda zikwama za anzawo. Mwana wosaona bwino amatha kusewera ngati mkati mwa mpira wachikulunga mwaikidwa kachitini kokhala ndi timiyala kuti azimva kumene mpira ukupita. Mwana wachialubino amafunika chipewa chachikulu ndi chigawo chimene chili pamthunzi, ndipo ndi bwino kuti masewera a kalasi lake aikidwe m'mawa dzuwa lisanakwere. Atsikana a m'makalasi akuluakulu nthawi zambiri amazemba masewera chifukwa cha msambo kapena chifukwa chosowa chovala chothamangira, ndipo nkhani imeneyi amaidziwa bwino ndi amayi a Mother Group, gulu la amayi lothandiza atsikana pa sukulu, kuposa mphunzitsi aliyense wamwamuna. Zinthu zimenezi zilembedwe m'ganizo lanu kuyambira pachiyambi, chifukwa nazonso zili ndi mtengo wake.

Mukatha, yesani kunena ganizo lonse m'ziganizo zitatu: vuto ndi liti, mudzachita chiyani, ndipo ana angati adzapindula. Ngati simungathe, ganizolo silinapse.

Chachiwiri: yambani ndi zimene zili pafupi, ndipo lembani zimene zikuchitika

Ili ndilo gawo limene anthu ambiri amalidumpha, koma kwa ine ndi lofunika kuposa kalata iliyonse imene mudzalembe. Munthu amathandiza msanga ntchito imene waiona ikuyenda kusiyana ndi imene ikadali papepala. Tengani teremu imodzi yathunthu mukuyendetsa ganizo lanu popanda tambala. Ana amadziwa kale kumanga chikulunga ndi majumbo ndi luzi, ndipo mipira 12 yotere imatha kumangidwa tsiku limodzi. Mizere ya bwalo ijambulidwe ndi phulusa lochokera kukhitchini yophikira phala kapena kunyumba za aphunzitsi. Zingwe zipotedwe ndi khonje, mabotolo odzaza mchenga akhale zizindikiro za malire, matayala akutha akwiriridwe theka kuti ana azilumpha, ndipo ng'oma ibwerekedwe kwa mfumu kapena kutchalitchi. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa, amene lero akusewera mpira kunja ndipo dziko lonse likuwanyadira, anakulira kumudzi ku Rumphi, kumene mpira umayambira pa dothi ndi mapazi opanda nsapato, choncho zipangizo zoterezi musazichitire manyazi.

Pa teremu imeneyi khalani ndi kope limodzi la ntchitoyi. Lembani tsiku, kalasi, chiwerengero cha atsikana ndi anyamata amene asewera, ndi chimene chavuta. Yerekezani ndi kaundula wa kalasi kuti muone ngati ana amajomba mochepa pa masiku a masewera. Ngati ndi choncho, mwapeza umboni wamphamvu, ndipo ngati si choncho, musapeke manambala, chifukwa wothandiza wozindikira amafunsa kuti aone kaundulayo. Jambulani zithunzi zochepa ndi foni, koma mutapempha chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu ndi makolo, ndipo zikhale za gulu likusewera, osati nkhope ya mwana mmodzi.

Chachitatu: ganizo lituluke m'manja mwanu likhale la sukulu

Pitani kwa mphunzitsi wamkulu ndi kope lanu lija, ndipo mupemphe kuti nkhaniyi iikidwe pa msonkhano wa komiti yoyendetsa sukulu ndi wa PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi. Itanani a Mother Group ndi mafumu a midzi yozungulira kuti adzaone phunziro limodzi ndi maso awo. Agogo amene aona adzukulu awo akuvina gule amene iwo anavina ali achinyamata sasowa kuwanyengerera. Mutu umodzi susenza denga, komanso kalata yosayinidwa ndi mphunzitsi mmodzi yekha imakayikitsa, pamene yokhala ndi chidindo cha sukulu, siginecha ya wapampando wa komiti ndi chidindo cha a gulupu imasonyeza kuti anthu agwirizana. Onetsetsani kuti chigamulo cha msonkhano chalembedwa m'maminitsi, ndipo mudziwitse a PEA, alangizi a zamaphunziro a zoni yanu, chifukwa pafupifupi khomo lililonse limene mudzagogode m'boma lidzafuna kudziwa ngati iwo akudziwa.

Sankhani kakomiti kakang'ono ka anthu 5 kapena 7, ndipo wosunga ndalama asakhale inuyo. Izi zimakutetezani ku miseche imene imayamba ndalama zikangofika.

Chachinayi: lembani bajeti yoona

Lembani chinthu chilichonse, kuchuluka kwake ndi mtengo wake, ndipo mitengoyo ichokere pa makotesheni atatu a masitolo osiyana, osati m'mutu mwanu. Popeza mitengo ikusinthasintha masiku ano, lembani tsiku limene mwatenga kotesheni ndipo muonjezere pang'ono, mwina 10 pa 100 iliyonse, monga ndalama ya zogwa mwadzidzidzi. Kwa ana osakwana zaka 12 gulani mipira ya miyendo ya saizi 4, chifukwa ya saizi 5 ndi ya akuluakulu. Ngati mukufuna bwalo la mpira wa manja, muyezo wake ndi mamita 30.5 m'litali ndi mamita 15.25 m'lifupi, mzati ndi wotalika mamita 3.05, ndipo mkombero wa golo ndi wa masentimita 38 kukamwa kwake. Wowotcherera zitsulo wa pamsika wapafupi akhoza kupanga mizati imeneyi pa mtengo wotsika kuposa wa m'sitolo za mumzinda, ndipo telala wa m'mudzi akhoza kusoka malamba a nsalu a mitundu iwiri osiyanitsira magulu m'malo mwa majezi.

Zinthu zing'onozing'ono ndi zimene zimapha ntchito. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo tinalandira mipira 10 yatsopano kuchokera kwa munthu wakufuna kwabwino, ndipo tinavina ndi kululutira, koma palibe amene anaganiza za pampu ndi singano yake. Patatha milungu itatu mipira inayi inali itaphwa, ndipo inatsekeredwa m'kabati ya ofesi podikira ulendo wa kutauni umene sunachitike msanga. Choncho m'bajeti mukhale pampu, masingano angapo, mawenzulo, bokosi lokhala ndi loko, zomatira mipira, ndi kabokosi ka mankhwala a mabala. Muikenso ndalama yoyendera pokagula katunduyo.

Bajeti ikhale ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba isonyeze zimene sukulu ndi mudzi zikupereka, monga kulambula ndi kusalaza bwalo, mchenga, njerwa, mitengo ya magolo ndi nthawi ya anthu odzipereka, ndipo chilichonse chipatsidwe mtengo wake ngati kuti chagulidwa. Mbali yachiwiri isonyeze zimene mukupempha. Wothandiza akaona kuti eni ake aikapo kale thukuta lawo, amalimba mtima.

Chachisanu: gogodani makomo motsatana, kuyambira lapafupi

Khomo loyamba lili pa sukulu pomwepo. Sukulu za pulayimale za boma zimalandira ndalama za School Improvement Grant, zimene aliyense amangozitcha SIG, ndipo ndalamazi zimagwiritsidwa ntchito potsata pulani ya chitukuko cha sukulu, ya SIP, imene aphunzitsi, komiti, makolo, mafumu ndi ophunzira amakonzera pamodzi. Ndalama za SIG zimagawidwa pa mbali zitatu: kukweza ubwino wa maphunziro, kuonetsetsa kuti ana onse akubwera ndi kukhalabe pa sukulu, ndi kayendetsedwe ka sukulu. Chinthu chimene sichinalembedwe m'pulani sichingagulidwe, choncho khalanipo pa tsiku lokonza pulaniyo. Musanene kuti mukufuna za masewera, chifukwa pamenepo mudzagonja kwa choko, makope ndi chimbudzi chimene chagumuka. Nenani kuti mukufuna zipangizo zophunzitsira Expressive Arts, phunziro limene limabwera pa mayeso a Sitandade 8, ndipo sonyezani ndi kope lanu mmene masewerawa akuthandizira kuti ana asajombe. Ndalama za SIG ndi zochepa ndipo nthawi zina zimafika mochedwa, choncho pemphani kachigawo kakang'ono, kokwanira pampu, mawenzulo ndi mipira ingapo.

Khomo lachiwiri ndi mudzi. Nthawi yabwino ndi ya kukolola, kuyambira mwezi wa April mpaka July, pamene anthu ali ndi chimanga, mtedza, soya kapena ndalama za fodya. Kupempha mu January kapena February, nkhokwe zitauma, ndi kuvutitsa anthu. Banja limene silingapereke ndalama likhoza kupereka mbale ya mtedza, ndipo komiti igulitse zonse pamodzi. Tsiku la masewera limene makolo amapikisana ndi aphunzitsi pa mpira, amayi nkumagulitsa mandasi, zitumbuwa ndi thobwa, limabweretsa kangachepe komanso limasangalatsa. Pano ndichenjeze mwamphamvu: chopereka chikhale chaufulu, ndipo mwana asabwezedwe kunyumba kapena kuletsedwa kusewera chifukwa makolo ake sanapereke.

Khomo lachitatu ndi la anthu amene anaphunzira pa sukuluyo. Ambiri ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, ena ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo gulu la WhatsApp limawasonkhanitsa mosavuta. Anthu amenewa amapereka msanga akauzidwa chinthu chenicheni, monga mizati iwiri ya mpira wa manja, kusiyana ndi kungouzidwa kuti athandize sukulu yawo. Ngati ndalama zikubwera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala yake ivomerezedwe ndi komiti, ndipo chilichonse cholowa chilengezedwe pa gulupo tsiku lomwelo.

Kenako pitani kwa amalonda a m'dera lanu: wachigayo, wa sitolo ya zipangizo zomangira, wogula mbewu, esiteti ya tiyi, ya nzimbe kapena ya fodya ngati ilipo pafupi, ndi nthambi ya banki ya paboma. Kwa awa n'kosavuta kupereka katundu kusiyana ndi ndalama, choncho pemphani matumba a simenti, utoto kapena mapaipi. Ngati sukulu yanu ndi ya mpingo, monga zilili sukulu zambiri za Katolika, CCAP, Anglican ndi zina, kapena ya bungwe la Chisilamu, ofesi ya maphunziro ya eni sukuluwo nayonso ndi khomo.

Ku khonsolo kuli mkulu woona za masewera m'boma, ndipo ngakhale ofesi yake isakhale ndi ndalama zambiri, iye ndi amene amadziwa mabungwe amene akugawa zipangizo kapena kuphunzitsa aphunzitsi chaka chimenecho. Kudzera mwa iye ndi bungwe la masewera a m'sukulu la MASSA mukhoza kufika ku Malawi National Council of Sports, ku FAM, kumene kumadzera mapulogalamu a FIFA a mpira wa m'sukulu, ndi ku Netball Association of Malawi. Kwa mabungwe amenewa, maphunziro a aphunzitsi awiri a pa sukulu yanu ndi mphatso yokhalitsa kuposa mipira. Ntchito zikuluzikulu, monga kusalaza bwalo ndi thirakitala kapena kuwaka bwalo la simenti, ndi za thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, ndipo njira yake ndi kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC, kenako ku komiti ya chitukuko ya m'dera ya ADC, mpaka ku khonsolo, khansala wanu akudziwa. Njira imeneyi ndi yaitali ndipo imafuna kuleza mtima. Musalole kuti bwalo la ana lisanduke malo a msonkhano wa chipani posinthana ndi thandizo.

Mabungwe omwe si aboma amene akugwira kale ntchito m'dera lanu pa nkhani za maphunziro a atsikana, ana olumala, zaumoyo kapena chakudya cha pa sukulu ndi osavuta kuwafikira kusiyana ndi a kutali amene mwangowaona pa intaneti. Aliyense amene akukuuzani kuti mutumize kaye ndalama ya fomu kuti mulandire thandizo ndi wakuba.

Chachisanu ndi chimodzi: kalata yopempha

Kalata ikhale ya tsamba limodzi, ndipo bajeti, makotesheni, maminitsi ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu zikhale zomatidwa kumbuyo. Ndime yoyamba inene dzina la sukulu, zoni, boma, mfumu yaikulu ya deralo ndi chiwerengero cha atsikana ndi anyamata. Yachiwiri inene zimene mwachita kale pa teremu ija ndi zimene mwaona. Yachitatu inene chimene mukupempha ndi mtengo wake weniweni, ndipo yomaliza inene amene adzasamale katunduyo ndi tsiku limene mudzapereke lipoti. Pewani kudandaula za umphawi, chifukwa wowerengayo amaudziwa kale. Kalata iliyonse ilembedwe molingana ndi amene akuilandira: kwa bungwe la atsikana tsindikani za atsikana, kwa wamalonda tchulani kuti dzina la sitolo yake lidzalembedwa pa mzati kapena pakhoma ngati komiti yavomera. Kwa mfumu ndi wamalonda wa pamsika lembani m'Chichewa kapena m'chiyankhulo cha m'deralo, ndipo ku mabungwe ndi makampani lembani m'Chingerezi chosavuta, mphunzitsi mnzanu atakuwerengerani.

Kaperekeni kalatayo pamanja, muli awiri, inu ndi wapampando wa komiti. Funsani dzina la ofesi imene idzayankhe, sungani kope lodindidwa, ndipo pakatha milungu iwiri imbani foni mwaulemu. Akakukanani, funsani chifukwa chake ndi mwezi umene amakonza bajeti yawo, popeza ambiri amakana chabe chifukwa pempho lafika ndalama za chaka zitagawidwa kale. Chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 April, pamene makampani ambiri amayamba chawo mu January.

Chomaliza: thandizo likafika

Ndalama zilowe mu akaunti ya sukulu imene imasayinidwa ndi anthu oposa mmodzi. Pokagula pazipita anthu awiri, ndipo lisiti lililonse limatidwe m'kope. Katundu akafika aonetsedwe pa asembule pamaso pa ana ndi makolo, alembedwe dzina la sukulu ndi utoto, ndipo alowe m'buku la katundu wa sukulu. Pepala losonyeza ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka limatidwe pa bolodi la zidziwitso kuti aliyense awerenge.

Musatulutse mipira yonse nthawi imodzi. Theka lisungidwe kudikira teremu yotsatira, ndipo zikulunga zipitirire kugwira ntchito pa fulaye ndi masewera ena amene safuna mpira wachikopa. Timu ya achinyamata a m'mudzi idzabwera ndithu kudzabwereka, ndipo kukana kumabweretsa udani pamene kulola mwachisawawa kumamaliza mipira, choncho komiti ndi mfumu agwirizane lamulo lolembedwa, lonena wosayinira, tsiku lobweza ndi chochita mpira ukaphulika. Makiyi a bokosi akhale awiri, kuti mphunzitsi mmodzi akapita kumaliro kapena akasamutsidwa, ana asakhale milungu osasewera.

Kumapeto kwa teremu lembani lipoti la tsamba limodzi kwa aliyense amene anathandiza, ngakhale amene anapereka thumba limodzi la simenti. Nenani zimene zagulidwa, ana angati asewera, chimene chawonongeka ndi chimene chatsala, ndipo ana a Sitandade 6 alembe kalata yothokoza ndi dzanja lawo. Aitaneni othandizawo pa tsiku lotsekera sukulu kuti adzaone magulu 6 aja akusinthana zigawo wenzulo ikalira, ndipo kope lina la lipotilo lipite kwa a PEA kuti likhale m'manja mwawo pamene pulani ya SIP ya chaka chamawa ikukonzedwa.